Kuthamanga sikufika: liwiro ndi kudalirika kwa intaneti ya pakhomo ku Phalombe

Munthu akafuna kuika intaneti pakhomo, funso loyamba kwa wogulitsa limakhala lakuti, "Imathamanga bwanji?" Wogulitsa naye funsoli amalidziwa, ndipo yankho amakhala atalikonzeratu: nambala yaikulu yolembedwa pabokosi. Pakatha masabata awiri mwini nyumba uja amabwerera ndi funso lina: "Nanga bwanji ikungoduladula?" Ambiri amaganiza kuti amenewa ndi mavuto awiri osiyana, kuti intaneti ikhoza kukhala yothamanga komanso yosadula malinga wakumana ndi kampani yachilungamo. Chilungamo cha kampani chili ndi mbali yake, koma ngakhale kwa kampani yoona mtima, liwiro ndi kudalirika zimalimbirana malo amodzi. Ukawonjezera china, chinzake chimachepa. Palibe pomwe kulimbirana kumeneku kumaonekera poyera kuposa pa intaneti ya DSL, yodzera m'mawaya a lamya ya m'nyumba.

Wowerenga wa ku Migowi kapena ku Chiringa anena kuti, "Mawaya a lamyawo ali kuti kuno?" Ndipo sakulakwa. Phalombe inapatulidwa kuchoka ku Mulanje n'kukhala boma palokha mu 1998, chaka chomwenso lamulo lokhazikitsa bungwe la MACRA linaperekedwa. Nthawi imeneyo TNM inali itayamba kale za mafoni a m'manja mu 1995, ndipo Celtel, yomwe inadzakhala Zain kenako Airtel, inalowa mu 1999. M'chaka cha 1999 chomwecho bungwe la ITU linavomereza muyezo wake woyamba wa ADSL, womwe ndi mtundu wa DSL. Pomwe maiko olemera ankasandutsa mawaya awo akale a lamya kukhala njira ya intaneti, kuno kwathu mawayawo anali asanafike n'komwe m'midzi. Kampani ya MTL, yomwe inapatuka ku bungwe la positi ndi lamya mu 2000, inagulitsapo ADSL, koma makamaka kwa maofesi ndi nyumba zina za m'mizinda ikuluikulu. Kumenekonso akuba sanaigonetse tulo: ankafukula ndi kudula mawaya a kopa n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Lero m'Malawi anthu okhala ndi lamya ya mawaya sakwana mmodzi pa anthu 100 alionse. Anthu a ku Phalombe, omwe kalembera wa 2018 anawapeza kuti analipo 429,450, analumpha kopa n'kufikira pa nsanja za netiweki.

Chifukwa chiyani tsono tikambe za DSL? Chifukwa pa DSL kusinthanitsa liwiro ndi kudalirika kuli ndi nambala yake yomwe munthu amaiona ndi maso, nthawi zina n'kuisintha. Pa 4G nkhani ndi yomweyo, koma imachitikira kuseri, foni ndi nsanja zikugwirizana zokha. Yemwe wamvetsa za wayayu savutika kumvetsa chomwe chikuchitika ndi rauta yake ya pazenera.

Waya wa lamya ndi tinthambo tiwiri ta kopa topotana, tochoka pa makina a kampani kufika m'nyumba. Mawu a munthu amangotenga kachigawo kakang'ono ka mafunde a pansi, osapitirira 4 kHz. Akatswiri anaona kuti pamwamba pake pali malo aakulu ongokhala. ADSL yoyamba inagawa malowo, mpaka 1.1 MHz, m'tinjira 256, ndipo inkafika mamegabiti 8 pa sekondi. ADSL2+ ya 2003 inakulitsa malowo kawiri, tinjira n'kukhala 512, liwiro la pabokosi n'kufika mamegabiti 24. Mukayatsa modemu, magetsi ake aja akuphethiraphethira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, sikuti ikuchita ulesi. Ikuyesa kanjira kalikonse pakokha, kuona mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi phokoso la magetsi lomwe lili m'wayamo. Kanjira koyera imakasenzetsa mabiti ochuluka, mpaka 15. Kaphokoso imakapatsa awiri kapena atatu, ndipo koipitsitsa imakasiya osakagwiritsa ntchito.

Mafunde apamwamba ndi omwe amafooka msanga waya akamatalika. N'chifukwa chake nyumba yoyandikana ndi makina a kampani imaona liwiro loyandikira la pabokosi, ya pa makilomita atatu imapeza mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kupitirira makilomita asanu zimangokhala za mwayi. Malire amenewa sanaikidwe ndi kampani. Claude Shannon anaonetsa mu 1948 kuti njira iliyonse yotumizira uthenga ili ndi polekezera pake, potengera kukula kwa njirayo ndi kuchuluka kwa phokoso. Palibe modemu yodula yomwe ingadumphe malirewo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Modemu ikapeza malire a waya, siisenza mpaka pamalirepo. Imasiya mpata. Aliyense amene anaonapo wa kabaza akumangirira matumba a nandolo pa msika wa Phalombe akudziwa zimenezi. Njinga ingathe kunyamula matumba atatu pa msewu wa tala wa ku Chitakale. Koma ngati ulendo ndi wolowera m'tinjira ta ku chigwa cholinga ku nyanja ya Chilwa, mvula itagwa usiku, wanzeru amamanga awiri. Wa matumba atatu amaoneka wolimbikira mpaka pa dzenje loyamba, pomwe amagwa, kumasula zingwe, kutola katundu, kumanganso. Wa awiri uja amamudutsa ali pomwepo.

Mpata umenewu pa DSL umayezedwa m'madesibelo, ndipo pa tsamba la modemu umalembedwa kuti SNR margin. Makampani ambiri amauika pa 6 dB, kutanthauza kuti uthenga uli ndi mphamvu pafupifupi kanayi kuposa yomwe ikanangokwanira. Phokoso likakwera pang'ono, mpatawo umalimeza ndipo inu simudziwa kanthu. Likakwera kuposa mpata, modemu imasiya zonse n'kuyambanso kuyesa tinjira tija, ndipo kwa mphindi imeneyo m'nyumba mulibe intaneti. Mtengo wa mpata umadziwika bwino. Madesibelo atatu alionse amachotsa biti imodzi pa kanjira kalikonse. Kanjira kamatumiza ka 4,000 pa sekondi, choncho pa waya wokhala ndi tinjira 250 togwira ntchito, kukweza mpata kuchoka pa 6 kufika pa 9 dB kumadya pafupifupi megabiti imodzi. Kutsitsa kufika pa 3 dB kumakubwezerani megabiti imodzi yomweyo. Anyamata okonda kusewera ndi makina amatsitsa dala, n'kunyadira nambala ya masana. Dzuwa likalowa zinthu zimasintha: mawayilesi a AM akutali amamveka mwamphamvu usiku, ndipo mafunde awo ali m'dera lomwelo la ADSL. Onjezanipo mababu otchipa, matchaja, jenereta ya aneba, ziphaliwali za mu Disembala, ndi madzi olowa m'malumikiziro a waya n'kuyambitsa dzimbiri. Mpata wa 3 dB sulimba.

Pali njira yachiwiri yogulira kudalirika, ndipo iyi salipira ndi mamegabiti koma ndi nthawi. Phokoso lina silikhalitsa: limangothwanima kamodzi, monga firiji ikamayaka kapena mphezi ikang'anima kutali. Likafafaniza zilembo zinayi zotsatizana m'liwu limodzi, liwulo latayika. Koma ngati potumiza munasakaniza zilembo za mawu anayi, phokoso lomwelo limachotsa chilembo chimodzi chokha pa liwu lililonse, ndipo wolandira amatha kudziwa chomwe chasowa. Kusakaniza kumeneku, komwe akatswiri amati interleaving, kumafuna kuti wolandira adikire zidutswa zonse zifike asanawerenge, ndiye yankho limachedwa ndi mamilisekondi angapo, nthawi zina makumi awiri kapena kuposa. Woonera kanema sazindikira. Wosewera magemu a pa intaneti amadandaula. Mu 2010 ITU inavomereza njira ina, G.INP, yomwe imangotumizanso kachidutswa kowonongeka kokhako, kuti kuchedwa kuzibwera pokhapokha pakhala vuto. Ku Britain kuli makina oyang'anira waya aliyense: akaona kuti akudula pafupipafupi amakweza mpata okha, ndipo amautsitsanso pakatha masiku waya ali bata. N'chifukwa chake kumeneko amalangiza anthu kuti asamazimitse ndi kuyatsa modemu kambirimbiri pa tsiku, poti makinawo amayesa kuti waya ndiye akudula. Tangoganizani makina otero akanaliona bwanji khomo la kuno kwathu, komwe magetsi amatha kuthima kangapo tsiku limodzi.

Kwa amene akadali pa kopa, kaya ndi mu ofesi ina ya mu mzinda kapena abale athu a ku Johannesburg komwe Telkom yakhala ikuchotsa mawaya akewo pang'onopang'ono, malangizo ndi achidule. Modemu ikhale pa soketi yoyamba pomwe waya walowera m'nyumba, chingwe chikhale chachifupi ndi chosayenda limodzi ndi cha magetsi, lamya iliyonse ikhale ndi kasefa kake, ndipo mukamva kuthetheka m'lamya itanani okonza, poti vuto lili pa waya. Ngati ikudulabe usiku uliwonse, pemphani kampani ikweze mpata. Mudzataya megabiti imodzi kapena ziwiri, ndipo simudzazisowa.

Tsopano tibwere ku Phalombe kwenikweni. Foni kapena rauta ya 4G imachita zomwe modemu ya DSL imachita, kungoti siyesa kamodzi poyaka: imauza nsanja kambirimbiri pa sekondi mmene ikumvera. Ikamva bwino, nsanja imalongedza mabiti 6 kapena kuposa pa chizindikiro chilichonse. Ikamva movutikira, imatsika kufika pa 4, kenako pa 2, n'kuwonjezera mabiti okonzera zolakwika. Zomwe zalephera kufika zimatumizidwanso. Choncho 4G siidula msanga ngati DSL. Imayamba yazilala, kenako n'kugwera ku 3G kapena ku chilembo cha E chija chomwe tonse timachida.

Nthaka ya boma lino ili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Kumwera kuli phiri la Mulanje ndi la Michesi, pakati pake mpata wa Fort Lister, ndipo mafunde a wailesi sadutsa m'thanthwe. Mudzi womwe uli kuseri kwa chitunda ungakhale pafupi ndi nsanja koma osaimva bwino, pomwe wa pa chigwa, kutali ndithu, ukuimva. Mafunde a pansi, a 800 kapena 900 MHz, amapita kutali ndi kulowa m'nyumba, koma njira yake ndi yopapatiza. A pamwamba, monga a 1800 kapena 2600 MHz, amanyamula zambiri koma amathera pafupi, ndipo khoma la njerwa ndi denga la malata zimawafoola. Ndi nkhani yomweyija ya tinjira ta m'waya, yangosamukira mumlengalenga.

Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Waya wa DSL ndi wanu nokha kuchokera pakhomo mpaka pa makina a kampani. Nsanja ndi ya tonse. Timizere ta pafoni timangokuuzani kuti nsanja ikumveka mokweza bwanji. Sitikuuzani kuti pali anthu angati omwe akulimbirana nanu. Ndiye chifukwa chake pa tsiku la msika, kapena madzulo aliyense ataweruka n'kutsegula WhatsApp ndi Facebook, timizere timakhala todzaza koma tsamba osatseguka. Wa ajenti wa Mpamba kapena Airtel Money pansi pa ambulera yake amazidziwa bwino zimenezi. Kasitomala wapereka ndalama, nambala yachinsinsi yalowetsedwa, foni yangoti zii. Onse awiri maso pa kagalasi. "Dikirani kaye, netiweki yavuta." Uthenga wotsimikiza ukafika pakatha mphindi khumi, mzere wabalalika kale. Ntchito ya ajentiyu siifuna ngakhale megabiti imodzi. Nthawi zambiri siidzera n'komwe pa intaneti koma pa manambala oimba aja. Chomwe akusowa ndi yankho lofika pa nthawi yake.

Pakhomo, mpata uja umagulidwa ndi malo oika rauta. Pa tsamba la rauta zambiri pali manambala awiri ofunika kuposa timizere. RSRP ikakhala cha m'ma -80 ndiye kuti zili bwino, ikatsikira ku -110 muli kumalire. SINR, yomwe ndi mbale wake wa SNR ya pa DSL, ikapitirira 13 mulibe nkhawa, ikayandikira 0 phokoso lafanana mphamvu ndi uthenga. Yendani nayo rauta zenera ndi zenera, madzulo osati m'mawa, mpaka mutapeza pomwe manambalawa akhazikika. Nthawi zambiri pamakhala pamwamba, mbali yoyang'ana nsanja, kutali ndi malata. Kwa okhala kutali, kamlongoti kapanja ka pa nsungwi kamathandiza kuposa kugula rauta yodula, koma m'dera la mphezi ngati lino chingwe chake chizichotsedwa kukamagunda. Ngati foni ikungodumphadumpha pakati pa 4G yofooka ndi 3G yamphamvu, ikakamizeni ikhale pa imodzi. Kudumphako ndi komwe kumadula kuyankhulana, ndipo 3G yokhazikika imatha kumaliza ntchito yomwe 4G ya kamzere kamodzi ikulephera. M'nyumba momwemo, WiFi ya 5 GHz imathamanga koma imathera pa khoma lachiwiri, ya 2.4 GHz ndi yomwe imafika kukhitchini ya panja.

Kodi banja limafuna liwiro lotani? Pamenepa ndi pomwe otsatsa malonda sakonda kukhalitsa. Kuimbirana mawu pa WhatsApp sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a megabiti. YouTube imanena kuti kanema wa 480p amafuna mamegabiti 1.1, wa 720p amafuna 2.5, wa 1080p amafuna 5. Mphunzitsi wochita maphunziro a patali, namwino wotumiza lipoti la mwezi, wogula mpendadzuwa wofunsa mitengo ya ku Limbe, onsewa mamegabiti atatu kapena asanu osagwedezeka amawakwanira. Ndipo liwiro lili ndi msampha kwa wogula bandulo. Intaneti ikathamanga, YouTube imakweza yokha kuwala kwa kanema. Ola limodzi la 1080p limadya magigabaiti oposa awiri, pomwe la 480p limadya theka la gigabaiti. Ambiri omwe amalumbira kuti data yawo yabedwa angoonera mpira womwewo pa mtengo wa kanayi. Pa kagalasi ka foni, kusiyana kwa makanema awiriwa n'kochepa moti sindikuona chifukwa cholipirira.

Chomwe chimawononga kuyankhulana si kuchepa kwa mamegabiti koma kuchedwa ndi kutayika kwa tizidutswa ta uthenga. ITU imalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 ulendo umodzi. Kupyola apo anthu amayamba kulankhula mophana mawu. Kuchedwa kwina timakupanga tokha. Njira yotumizira ndi yopapatiza kuposa yolandirira, pa ADSL ndi pa 4G pomwe. Foni imodzi ikayamba kukweza zithunzi za ukwati ku Google Photos, mzere umadzaza mu rauta, ndipo bambo omwe ali pa msonkhano wa Zoom amayamba kumveka modukaduka ngakhale muyeso wa liwiro ukuonetsa nambala yabwino. Mankhwala ake ndi odabwitsa koma amagwira: pa rauta yomwe imalola, ikani malire a liwiro pansi pang'ono pa lomwe mumapeza, kuti mzere usamadzaze. Mwataya dala kachigawo ka liwiro, mwagula bata. Pa rauta yosalola, zimitsani zokweza zokha pa mafoni a ana mpaka usiku.

Zonsezi ndi za m'kati mwa mpanda. Zoduladula zazikulu zimachokera kunja, ndipo palibe batani lozithetsa. Choyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 m'dziko muno ndi zomwe zinkaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka choposa. Nsanja zimadalira mabatire ndi jenereta magetsi akathima, ndipo jenereta imafuna dizilo wofika pa galimoto. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu ya ku Nkhulambe ndi madera ena a boma lino, mapolo a magetsi anagwa ndipo kufikitsa chilichonse kumeneko kunali kovuta, pa nthawi yomwe anthu ankafunitsitsa kudziwa ngati abale awo ali moyo. Akuluakulu omwe anaona napolo wa ku Michesi mu Malichi 1991 sanafunikire kuuzidwa kuti zoterezi zimabweranso. Rauta imadya mawati khumi kapena kuchepera. Kabatire ndi kasola kakang'ono zimaisunga tsiku lonse. Pa ndalama zomwe munthu angaike pa intaneti ya pakhomo ku Phalombe, imeneyi ndi yomwe imabweza zambiri.

Chachiwiri ndi ulendo wautali wa uthenga. Malawi alibe doko la kunyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera m'zingwe za faiba zodutsa ku Mozambique, Tanzania ndi Zambia kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi. Tsiku limenelo wa rauta yodula ndi wa foni yotchipa anali chimodzimodzi.

Pa zakunjazi, mpata wake ndi njira yachiwiri. Simu ziwiri za makampani osiyana, bandulo yaikulu pa yomwe imagwira bwino kwanuko ndi kakang'ono pa inayo, zimapulumutsa nthawi zambiri, ngakhale kuti makampani ena amabwereka nsanja imodzi, moti ikathima onse amathimira limodzi. Okhala kumalire amadziwanso kuti foni imatha kukoka netiweki ya ku Mozambique, ndipo yosasamalidwa imadya mayunitsi pa mtengo wa kunja. Starlink, yomwe inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, siidalira nsanja ya pafupi: masetilaiti ake ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, osati 35,786 ngati akale aja omwe yankho lake linkachedwa kuposa theka la sekondi. Koma mbale yake imadya magetsi kangapo kuposa rauta, imafuna thambo losatchingidwa ndi mitengo, imafooka mvula ikakhala ya mkuntho, ndipo mtengo wake si wa banja lodalira nandolo. Kwa sukulu, chipatala kapena gulu la amalonda osonkherana, ndi yoyenera kuiganizira. Kwa khomo limodzi, kawirikawiri ndi kugula liwiro lomwe simudzaligwiritsa ntchito.

Chigamulo changa n'chakuti ku Phalombe banja lisankhe mamegabiti atatu omwe alipo 7 koloko madzulo mu Febuluwale, osati makumi awiri omwe amaoneka 5 koloko m'mawa mu Julayi. Musanagule rauta, bwerekani simu ya mnzanu muiyese pakhomo panu pomwepo, madzulo, kwa masiku angapo, ndipo muimbe foni ya kanema m'malo mongoyang'ana nambala ya muyeso. Ogulitsa nawo tiwafunse funso lachiwiri lija tisanapereke ndalama. Ndipo a MACRA, omwe amayeza kale kagwiridwe ntchito ka makampaniwa, atithandize potulutsa zotsatira za boma lililonse palokha, m'Chichewa, zosonyeza maola omwe nsanja za ku Migowi, Chiringa ndi Nkhulambe zinakhala chete mwezi umenewo.